Mabowo Awiri Kumbuyo kwa Kompyuta

"Bambo a mwana, musanayatse makina anuwo tasuzumirani kumbuyo," anatero mayi wa m'nyumbamo akufinya chokolopera. "Ndinazula zingwe kuti ndikolope. Mabowo ake alipo awiri ofanana, lina m'mwamba, lina m'munsi. Kaya ndabwezera poyenera."

Mwamuna wake, wojambula mapulani a nyumba pa kompyuta, sanacheuke n'komwe. "Zokolopa n'zanu, izi n'zanga."

Tsiku limenelo masana kumabwera mwini sitolo wina kudzaona pulani ya nyumba yake yosanja, ntchito ya milungu itatu. Mkulu wojambulayo atayatsa kompyuta, galasi lake linali mbuu, ndipo nyumba ija inkatembenuka modukizadukiza ngati nkhalamba ya nyamakazi.

"Ndadziwa kale, ndi dalaivala," anatero. Dalaivalayo akuti n'kapulogalamu kouza kompyuta mmene ionetsere zithunzi. Anakoka watsopano pa intaneti, n'kuika, n'kuzimitsa, n'kuyatsa. Mbuu. Anachotsa ameneyo n'kubwezera wakale. Mbuu. Anayesa wachitatu, thukuta lili kamukamu, tiyi atazizira pambali.

"Bwanji muwaimbire achimwene, poti kukonza makompyuta ndiyo ntchito yawo?" mayiyo anafunsa ali pakhomo.

"Alamuwo? Kugwira mausi ndinawaphunzitsa ndine."

Mayiyo anapita kukhitchini n'kuwaimbira yekha foni achimwene akewo, monong'ona.

Munthu akapsa mtima muzimubisira nkhwangwa. Dzuwa lili paliwombo, mkulu uja anati matendawa alowa m'mafupa, mankhwala ake n'kufufuta zonse, kuyambira pachiyambi. Kompyuta inamufunsa kawiri ngati akutsimikiza. Chitsulo chinachita mantha, mwiniwake ayi. Anadina. Zosungako mapulani pena ankati adzachita mawa, ndipo mawalo linali lisanafike chiyambire chaka chatha.

Makina atadzuka, anaikanso dalaivala. Mbuu.

Mlamu uja anafika, n'kupereka moni, n'kugwada kuseri kwa tebulo. Anazula chingwe m'bowo lam'mwamba n'kuchilowetsa m'munsi.

"Alamu, mphamvu ya zithunzi ili m'munsimu. Lam'mwambali n'longothandizira. Dalaivala wanu analibe mlandu."

Galasi linangoti ngwee, loyera ngati madzi a pakasupe. Koma munalibe kanthu. Khoma, denga, masitepe, zonse zinapita osatsanzika.

Panja panamveka galimoto, kenaka odi. Mayiyo analandira mlendoyo mwaulemu wonse.

"Lowani bwana. Makina achira ndithu, akuoneka bwino kuposa kale."

Mwini sitoloyo anakhala pampando, n'kuvala magalasi, n'kuyang'ana. Anadikira. Kenaka anavula magalasi aja, n'kufunsa mlamuyo ngati akudziwa wojambula wina.

Wojambula uja anatsala ali kukamwa yasa, maso ali pa chokolopera chimene chinkauma pazenera. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Uyu ndiye anaposa, ngakhale nyumbayo panalibe.