Thabwa Lachikasu pa Ngolo Yofiira

M'shedi ya a Lindsay Tulloch munkanunkha penti chaka chonse. Akazi awo, malemu mayi Noeline, ankakonda kunena kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu anali Dulcie. Dulcie ameneyu sanali munthu ayi. Chinali chigalimoto chakalekale choyenda pa chipale, cha malamba achitsulo ngati katapila, chimene a Tulloch anachitola chitadyeka ndi dzimbiri pa msasa wakale wa okumba madamu, n'kuchiukitsa ndi manja awo mpaka kufiira psuu. Kumbuyo kwake ankakolekako ngolo yopanda mateyala, yoterera pa matabwa anayi opindika kumutu, okhomedwa chitsulo kunsi kwake. Kwathu kuno m'mapiri a kumtunda kwa tawuni ya Jindabyne msewu ukakwiririka m'nyengo yozizira umakhala wakwiririka, ndiye ngolo yotere yanyamulapo mkate, makalata, odwala ndi maliro omwe.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Bronwyn, atapeza banja sanavutitse bambo ake ndi zambiri. Anangopempha kuti pa tsiku la ukwati adzakwere ngolo yofiira ija kuchokera pakhomo mpaka ku katchalitchi ka pamwamba pa chitunda, monga anakwerera mayi ake pa tsiku lawo. Akuchimuna anali atanena kale zobwereka chigalimoto chamakono chotenthera m'kati, koma mtsikanayo anakana kwamtuwagalu. A Tulloch atamva pempholo analowa m'shedi, n'kukamina nthawi yaitali kuposa mmene chimfine chimafunira. Kuyambira tsiku limenelo ngoloyo inapakidwa penti, kupalidwa, kupakidwanso, mpaka munthu n'kumadzionera nkhope pa matabwa ake.

Kutsidya kwa kamtsinje kunkakhala a Janko Vidmar, mwana wa mmodzi wa anthu aja anachokera ku Slovenia kudzaboola mapiri athuwa pa ntchito ya madamu ija. Ali anyamata, iwo ndi a Tulloch anali chala ndi mkanda. Anakhoma limodzi ngolo ziwiri pa muyeso umodzi, ina n'kuipaka chofiira, ina chachikasu, aliyense yake. Koma a Vidmar anabadwa ndi pakamwa popanda chivindikiro. Chaka china pa chionetsero cha magalimoto akale, oweruza atazungulira Dulcie akugwedeza mitu mokhutira, a Vidmar ananena mokweza kuti nyali ya kumanzere si yake yeniyeni, inazulidwa pa thirakitala ya kumunda. Zinali zoona ndithu, koma chikho chinapita kwina. Kuchokera pamenepo moni wa awiriwa unatsala wongogwira chipewa.

Ukwati uli mawa, dzuwa la mu Ogasiti linawala ngati laiwala nyengo. Chipale chinafewa n'kusanduka phala, madenga onse akudontha. A Tulloch anatulutsa ngolo masana, n'kuiimika pabwalo penipeni kuti alendo aione. Anayalamo zikopa za nkhosa, n'kumangirira maliboni oyera m'mbali. Achibale ochokera ku Sydney anadzaza khonde, mabotolo m'manja, akuyamikira ngati aona chinthu chotsika kumwamba, ndipo mkuluyo mtima unali m'malo.

Tsono kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ngolo sigona pa chipale chonyowa. Umalowetsa mitengo ya bulugamu pansi pa matabwa kuti igone pamwamba, chifukwa usiku kukazizira, chitsulo ndi chipale zimagwirana ngati simenti. A Vidmar podutsa ndi galu wawo chakumadzulo anaima, n'kuyang'ana ngolo, n'kuyang'ananso kumwamba.

"Lindsay, ngoloyi igona pansi chonchi?"

"Igona pomwe ndaigoneka."

"Tayang'ana kumwambaku, kulibe ndi kamtambo komwe. Usiku uno kuuma ndi mamina omwe. Tenga mitengo ija kuseriko, ndikuthandiza kunyamula."

"Mitengo yokanda penti? Bambo Vidmar, pitani mukayendere nyali za anthu ena. Kuno kuli ukwati."

Pakhonde panagwa phwete, ngakhale theka la osekawo silinkadziwa za nyali. A Vidmar anakanda ndevu, n'kunena kuti iwo anenako basi, n'kumapita ndi galu wawo.

A Tulloch sanali mbuli. Anakulira m'chipale, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mnzawoyo sananame. Mitengo inali pomwepo kuseri kwa shedi, ndipo ntchito yake sikanatha ndi kapu ya tiyi yomwe. Koma alendo anali atamva zonse. Kukatenga mitengoyo kukanakhala kuvomera pagulu kuti wa pakamwa uja walasanso, ndipo mkuluyo anaona kuti bola kugona ndi nkhawa kusiyana n'kumeza zimenezo. Anadzitonthoza kuti mwina kubwera mitambo. Mitambo sinamve.

Kunacha kuli ngwee, kozizira kolasa m'mano. Phala la dzulo lija linali litauma gwaa, moti nsapato zinkangolira pamwamba osasiya phazi. A Tulloch anatuluka atavala suti ndi jekete la ubweya, n'kukankha ngolo ndi phewa. Sinasunthe. Ngakhale apa njira inalipo: kuthira madzi otentha, n'kumamenya thabwa lililonse cham'mbali ndi nyundo yamtengo, pang'onopang'ono, mpaka litamasuka. Koma belu linali litayamba kale kulira pachitunda, alendo atakweza mafoni m'mwamba, ndipo Bronwyn anali ataima pakhomo ndi diresi loyera, atafunda chikhothi cha mayi ake.

"Adadi, bwanji titereke madzi? Anthu adikira, si kanthu."

"Dulcie anazulapo lole m'dzenje, mwanangu. Kangolo aka n'kachiyani?"

Anakwera, n'kuliza injini. Utsi wakuda unafuka, malamba anakanda pansi, ngolo ili chiimire. Munthu wodekha akanatsika pamenepo. A Tulloch anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kutsomphola ndi mphamvu zonse. Matabwa atatu anamasuka. Thabwa lachinayi, lakutsogolo kumanzere, linakana, ndipo kunamveka kuti phwaa! Thabwa linang'ambika pakati, ngolo n'kugwada chamutu, maliboni ali m'chipale.

A Tulloch anatsika n'kugwada pafupi ndi thabwalo, n'kumalisisita ngati lingamve. Za penti zinali zitawachoka m'mutu. Chimene chinkawadya n'chakuti pa thabwa lomwelo ndi pamene Noeline anapondapo pokwera tsiku la ukwati wawo, akuseka, atakweza diresi m'manja. Mwana wawo anapempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wake wonse, ndipo iwo anachithyola ndi manja awo chifukwa chokana kugonja kwa mnzawo. Matabwa otere sagulitsa m'sitolo, amachita kusema ndi kupinda pa nthunzi kwa masabata. Azakhali a mkwati anali atayamba kale kuimba foni kufunsa za chigalimoto chamakono chija. Bronwyn anagwira bambo ake paphewa n'kunena kuti palibe kanthu, misozi ili mbwembwembwe, ndipo mawu amenewo anawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Kenaka kutsidya kunamveka kutsokomola kwa injini ina yokalamba. Chigalimoto chachikasu cha a Vidmar chinawoloka kamlatho chikudzikoka, chopanda ngolo kumbuyo. Padenga pake panali patamangidwa thabwa lachikasu. Mkuluyo anatsika ndi jeke, masipanala ndi chitini cha mabawuti opaka kale girizi, ndipo sanapereke moni kwa aliyense. Anali atalizula pa ngolo yawo m'mamawa, Dulcie asanalire n'komwe, n'kuisiya ngolo yawoyo itatsamira pa chitsa.

A Tulloch anayang'ana thabwalo, n'kuyang'ana mwini wake. "Unadziwa bwanji?"

"Ndinakudziwa tisanamere ndevu. Sungathire madzi anthu akukuonerera, ndipo lothyoka limakhala lakutsogolo. Gwira sipanala, mkwatibwi akuzizidwa."

"Ndiye sunditukwana?"

"Ndidzakutukwana Lolemba. Lero kuli ukwati."

Madoda awiriwo anagwada m'chipale, wina ndi suti, wina ndi ovolosi, mitu ya imvi itagundana. Panalibe zouzana. Wina akatambasula dzanja, mnzake anali ataikamo kale chofunikacho. Mabawuti analowa m'mabowo awo ngati anabadwira momwemo, poti mabowowo anawaboola limodzi, ndi chitsulo chimodzi, m'shedi yomweyi. Bronwyn anawabweretsera tiyi wotentha, ndipo a Vidmar anathiramo kachasu wa kwawo wa zipatso za mapulamu, ati n'cholinga choti zala zimve. Atatha, mtsikanayo anapsompsona a Vidmar pa tsaya n'kuwatchula kuti ankolo, dzina limene anali asanalimve kwa zaka zambiri. Mkulu wa pakamwa uja anangoyamba kukalipira galu wawo.

Ife amene tinaona ulendo umenewo sitidzauiwala. Dulcie anali patsogolo, akulira mokhathamira, a Tulloch atakhala chilili pa chiwongolero ngati akuyendetsa mfumukazi. Pambuyo pake ngolo inkaterera mwakachetechete, mkwatibwi ali m'zikopa za nkhosa, chikhothi cha mayi ake chili pamapewa. Kumapeto kunali chachikasu chija, chikuperekeza. Anthu anatuluka m'nyumba zogona alendo, otsetsereka pa chipale anaima m'mbali mwa njira n'kukweza ndodo zawo m'mwamba, ophika anatuluka ndi maepuloni akuimba mapoto. Zigalimoto zamakono zimene tinakumana nazo zinapatuka n'kuzimitsa injini kuti zakalezo zidutse. Tinanyada tsiku limenelo, tonsefe, ngati mwanayo tinabereka ndife. Mkwatibwi anafika mochedwa, koma abusa anati akwatibwi a m'phiri muno safika pa nthawi chiyambire.

Pa khomo la tchalitchi wojambula zithunzi anaona thabwa losiyana ndi anzakelo, n'kukoka chikopa cha nkhosa kuti aliphimbe. A Tulloch anamugwira dzanja.

"Lisiyeni, achimwene. Jambulani pomwepo, lioneke bwinobwino. Ndipo aitaneni bambo awo akubisala kuseri kwa galimotowo, adzaime apa pafupi ndi ine."

Chithunzi chimenecho chili pa khoma m'shedi mpaka lero. Lolemba litafika a Vidmar anabweradi kudzatukwana, ndipo anatukwana mokwanira, a Tulloch akuwathirira tiyi. Chipale chitasungunuka, a Tulloch anasema thabwa latsopano, n'kulipinda, n'kulikhoma chitsulo. Sanaliike pa ngolo yawo. Analipaka chofiira, n'kukalimanga okha pa ngolo yachikasu kutsidya kuja. Pa chionetsero chotsatira oweruza anadandaula kuti ngolo ya Dulcie ili ndi thabwa la mtundu wina, chikho n'kupitanso kwina, ndipo munthu amene penti inali ngati chipembedzo chake anangoseka mpaka kutsokomola.

Masiku ano dzuwa likawala masana m'nyengo yozizira, mudzawapeza a Tulloch chakumadzulo akuzungulira m'makomo mwa eni ngolo, akusuzumira pansi pa matabwa. Akapeza ina itagona pa chipale chonyowa amagogoda, ndipo sanyengerera. Ena amakwiya, n'kuwauza kuti asamale zawo. A Tulloch amangowalozera ngolo yofiira ya thabwa limodzi lachikasu, n'kuwauza kuti pa khonde lodzaza anthu oyamikira, amene anafika ndi jeke m'mawa mwake ndi uja anawayankhula zowawa. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.