Chigubu cha Palafini cha Lufeyo

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi munthu amene adayamba kuunena misozi ili m'maso. Uwu adauyamba ndi mayi wina dzina lake Nangondo, m'masiku amene zigayo zidangofika kumene m'midzi.

Nangondo adali ndi mlongo wake, Lufeyo, bambo wa ana atatu. Chaka china Lufeyo adagonja pa mlandu wa dimba, dimbalo nkupita kwa munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Kuyambira pamenepo ankangokhala ndwii pakhonde, khasu likuchita dzimbiri. Abale adamtonthoza sabata imodzi, kenaka aliyense adabwerera ku zake.

Amene sadatope naye ndi mlendo wina, a Kachiwanda, munthu wa mawu ofewa amene kwawo palibe ankakudziwa. Ankabwera tsiku ndi tsiku kudzamvera madandaulo ake. Adamgulira jekete. Kenaka adayamba kumtengera ku chigafa chakale cha fodya, kumene amuna ena okwiya ankadya nyama ndi kudzitcha Otsuka Dziko.

Lufeyo adanenepa, nkuyambanso kuimba mluzu. Mkazi wake adati mwamuna wachira. Koma mtima wa Nangondo sudakhazikike.

"Achimwene, nyama mukudyayi mudzabweza ndi chiyani?" adamfunsa tsiku lina.

"A Kachiwanda safuna kanthu. Akuti ine ndine mkango, kungoti anthu inu mumandiyesa mphaka."

"Nanga iwowo adalandidwa dimba liti?"

Lufeyo adangodzuka nkuchokapo.

Nangondo adatsegula maso. Adaona kuti mlongo wake waleka kulonjera anthu a kutsidya, ndipo akuwatchula kuti nsikidzi. Maliro atagwa kumeneko, adakana kupita. Munthu amene ankadana ndi mmodzi yekha tsopano ankadana ndi mudzi wonse, ndi makanda omwe.

Loweruka lina m'mawa, Nangondo akutapa chimanga m'nkhokwe yawo, dzanja lake lidagunda chigubu chokulungidwa m'chiguduli. Adanunkhiza: palafini. Potembenuka, adapeza Lufeyo ali chilili kumbuyo kwake.

"Patseni, achemwali. Mwa anthu onse aja, asankha ine. Masana ano chigayo cha kutsidya chiyaka."

"Lero Loweruka? Muja mwadzaza amayi, ana ali kumsana!"

"A Kachiwanda akhala pambuyo panga," adayankha, natsomphola chigubucho, ulendo.

Nangondo adatsala yekha pankhokwepo. Kukaulula kudali kupereka mwana wa mayi ake m'manja mwa adani. Kukhala chete kudali kukumba manda ambiri. Adamanga chitenje m'chiuno, nadzera njira yachidule, nawoloka mtsinje madzi akumlekeza m'mawondo.

"Tulutsani ana!" adakuwa atafika pachigayo. "Amene akubwera ndi moto ndi mlongo wanga. Mgwireni, koma chonde musamuphe."

Lufeyo adafika nkuyamba kuwaza palafini pakhoma, koma asanakhwatche machesi amuna anayi adamgwetsera pansi. Anthu adaunjikana. Ndipo amene ankakuwa kuposa onse kuti, "Mmangeni! Chigawenga chimenecho!" adali a Kachiwanda.

"Atsogoleri, ndine!" adalira Lufeyo.

"Mtsogoleri wako ndani? Iwe sindikudziwa."

Kutacha, mlendoyo adali atasowa. Patapita miyezi kudamveka kuti ali dera lina, akugulira jekete munthu wina wokwiya. Lufeyo adakhala kundende zaka zisanu, ndipo zaka ziwiri zoyamba ankakana kuona nkhope ya mlongo wake.

Amayi a kutsidya atabwera kudzathokoza, adafunsa Nangondo kuti adayamba bwanji kukayika.

"Ine ndimaweta mbuzi," adatero. "Imene ndikufuna kugulitsa ndimaipatula, nkuipatsa madeya othira mchere. Imadumphadumpha, kuyesa kuti ndaikonda kuposa zinzake. Mlongo wanga atayamba mluzu uja, ndidakumbukira khola langa. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Mawuwo adakhala mwambi. Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: munthu amene akufuna kukugwiritsa ntchito yoipa sabwera ndi chikwapu. Amakupeza uli ndi bala mumtima, nkukudyetsa, kukutamanda, ndi kukulozera anthu oti uwade. Ukaona wina akukukweza chotero kwinaku akukupatula kwa abale ako, usafulumire kuvina. Yamba wadzifunsa kuti akukunenepetsera ndani.