Anapiye a Bambo Chikakuda

Ophunzira anga, musanakhudze makompyutawo, mvetserani za a Chikakuda a ku Lunzu.

Bambowa anali ndi kampani yoswetsa anapiye. Alimi ankaitanitsa anapiyewo pa webusaiti, n'kulemba dzina, nambala ya foni ndi malo okalandirira. Webusaitiyo, pamodzi ndi nkhokwe ya mayina, inkasungidwa pa makina a Mayi Tembenu, amene ntchito yawo inali yosungira anthu mawebusaiti. Makinawo anali okalamba ndithu, koma mayiwo anali osamala.

A Chikakuda atapeza kampani ina ya makina othamanga, anasamutsa zonse Lolemba. Kusamuka si mlandu. Chimene chimandiwawa ine n'zomwe anachita Lachinayi. Anatumiza uthenga wa mawu kwa Mayi Tembenu, kuwanena kuti ndi kamba, makina awo ndi ziphakasa. Anamaliza n'kuti: "Mufufute zanga zonse lero lomwe. Ngakhale dzina limodzi lisagone kwa inu."

Mayi Tembenu anayankha kuti ndi bwino adikire kaye. Bambowo anabwereza lamulo lawo, mwamwano kuposa poyamba. Mayiwo anafufuta.

Tsono pali chinthu chimene a Chikakuda sankadziwa. Webusaiti ikasamuka, mafoni ena amapitabe kumalo akale kwa tsiku limodzi kapena awiri, ngati mbuzi zozolowera khola. Alimi ambiri amene anaitanitsa m'masiku amenewo, mayina awo anagwera kwa Mayi Tembenu.

Lachisanu anapiye anaswa. Mayina pa makina atsopano aja anali ochepa, koma alimi anayamba kuimba foni kufunsa kuti bwanji sanalandire uthenga wa tsiku lolandira. Ena sanaimbe, ankangodikira kwawo. Mwanapiye sadikira munthu, ndipo a Chikakuda analibe khola lolerera.

Anapita okha kwa Mayi Tembenu, chipewa chili m'manja. Mayiwo anawapatsa mpando, sanakweze mawu.

"Bambo, aliyense wochoka ndimamusungira zake mwezi wathunthu, mwina waiwala kanthu," anatero. "Ndi inu nokha amene munandiletsa."

Pofika Lamulungu, makatoni ambiri a anapiye anali atakhala chete, anapiyewo atafa. Ndimamva chisoni ndikakumbukira.

Kuyambira pamenepo anthu amati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Phazi limangosonyeza kuti unadutsa, mvula ikagwa lafafanizika. Koma mawu oipa amene wasiya pochoka amakhala pomwepo kukudikira. Ndiye posamuka tsanzikani mwaulemu, chifukwa simudziwa chimene mwaiwala m'nyumba yakaleyo.