Legeni pa Mpoza wa Nangozo

Panali munthu wina kumapiri a ku Ntcheu, kumene kuzizira kwa Juni kumalowa mpaka m'mafupa. Kuyambira unyamata wake ntchito yake inali yonyamula katundu panjinga: matumba a mbatata ya kachewere, kabichi, nthawi zina nkhumba yamoyo, kutsika nazo phiri kupita kumsika wa kumsewu. Munthuyu ankadziwa kumanga. Ankang'amba machubu akutha a galimoto n'kupanga malegeni, ndipo akakoka legeni n'kulizunguliza pathumba, njinga inkatha kugwera m'ngalande koma katundu ali pomwepo. Anzake ankatola mbatata m'njira, iye ayi. Nkhumba yokha ndiyo ankaichitira ulemu: akaimanga, ankalowetsa zala ziwiri pansi pa legeni kuti aone ngati ikupeza popumira, popeza nkhumba yofera panjira palibe amaifuna. Ankakonda kudzitama kuti, "Changa chikamangidwa, chamangidwa." Ndipo sankanama.

Mkazi wake anali Nangozo. Chaka chimene munthuyu analowa chikamwini m'mudzimo, Nangozo anadzala kuseri kwa nyumba kamtengo ka mpoza kamene anapatsidwa ndi mlimi wina wa ku Dedza. Sunali mpoza wakutchire uja wa tizipatso tachikasu todzaza njere. Unali uja wa zipatso zazikulu ngati zibakera ziwiri, zobiriwira kunja, zoyera m'kati, umene alangizi a zaulimi amautchula kuti cherimoya. Ukanyema poza la mtengo umenewo, fungo lake linkakuitanira alendo. Mudzi wonse unkangoti mpoza wa Nangozo.

Zaka zinapita, ana anakula n'kubalalika, ndipo Nangozo anamwalira. Abale ake sanamusudzule mkamwiniyo, chifukwa anali atakalambira pamudzipo. Njinga anaikoleka kudenga. Chimene chinamutsalira cha mkazi wake chinali mtengo uja, ndipo ankaukonda kwambiri. Koma mtengo nawonso unali utakalamba. Chiswe chinaulowa kutsinde, nthambi zinayamba kuuma imodzi imodzi, ndipo aliyense ankaona kuti sudzapyola dzinja lina.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangodzala njere? Anayesa kalekale. Mitengo ya njere inamera, inakula, inabereka, koma zipatso zake zinali chikomekome cha mkuyu: kunja zokongola, m'kati njere zokhazokha ndi madzi opanda kukoma. Njere ya mpoza wotere siibwereza mayi ake. Kuti kukoma kuja kusafe, pankafunika kutenga kanthambi ka mtengo weniweniwo n'kukamezanitsa pa tsinde lina.

Mng'ono wake wa Nangozo, amake Zione, ankakhala nyumba yoyandikana nayo, ndipo iwo ndi amene ankadziwa kumezanitsa. Mapichesi ndi mango a pakhomo pawo onse anali a manja awo. Chisanu chitatha, mtengo utayoyola masamba, anabwera ndi kampeni kakuthwa ndi timizere ta pulasitiki todula ku mapepala a shuga. Pafupi ndi mpanda panali timitengo titatu ta mpoza, tonenepa ngati chala, tomera tokha pa njere zimene adzukulu ankalavula. Amake Zione anadula kamtengo kamodzi, anakang'amba pakati, anasongola kanthambi ka mtengo wa Nangozo mbali zonse ziwiri, n'kukalowetsa mumng'aluwo mpaka khungwa linakhudzana ndi khungwa. Kenako anakulunga ndi pulasitiki kuti mphepo ndi madzi zisalowe pabalapo.

"Tiwiri totsalato pangani nokha, alamu," anatero. "Koma mvetsani. Chomangirachi n'cha kanthawi. Bala likapola, mumasule."

Munthu uja anaseka. "Alamu, mukuphunzitsa ine za kumanga?"

"Za kumanga ayi. Ndikunena za kumasula."

Pa timitengo titatu tija, kamodzi kanauma osaphuka n'komwe. Tiwiri tinaphuka timasamba tanthete, ndipo mtima wa munthu uja unadzaza chimwemwe. Chimwemwecho ndicho chinamupupulumitsa. Posafuna kuti mlamu wake adzamuseke kuti samva, anamasula kamodzi bala lisanapole bwino. Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, monga imachitira kumapiriko, ndipo kamtengo kaja kanathyoka pomezanitsa penipeni. Chimphepo chomwecho chinagwetsanso mtengo waukulu uja. Mvula itakata, anapeza mpoza wa Nangozo uli gone, mizu m'mwamba, m'kati muli mphako yokhayokha.

Tsopano panatsala kamtengo kamodzi. Pa dziko lonse lapansi, mpoza wa Nangozo unali kanthambi kaja basi, kotalika ngati chikhatho, kokhala pa tsinde la eni. Munthu uja anachita mantha aakulu. Analowa m'nyumba, anamasula legeni kuchishalo cha njinga, nabwera nalo. Analizunguliza pamwamba pa pulasitiki ija, akukoka monga ankakokera pa thumba la mbatata potsika phiri, namanga mfundo yake ija yosamasuka. Anakhoma chikhomo pambali n'kukanikizira kamtengoko pomwepo kuti kasagwedezeke ngakhale pang'ono. Atatha anapumira m'mwamba, nati, "Uthyoke tione."

Sikanathyoke. Mphepo zinabwera n'kupita, kamtengo kali chiimire ngati msilikali. Kanatulutsa nthambi, masamba anakula, ndipo munthu uja ankakayendera m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe.

Koma dzinja lili pakati, chimanga chikumasula ngayaye, kamtengo kanaleka kukula. Masamba atsopano ankatuluka ang'onoang'ono, achikasu, ena n'kuyoyoka. Pamwamba pa legeni panatupa ngati bondo la munthu wodwala nyamakazi. Pansi pa legeni, tsinde linayamba kutulutsa mphukira zakezake, zonenepa, zobiriwira, za mtundu uja wa zipatso zopanda kukoma. Munthu uja ankazithothola, mawa zina n'kutulukanso. Anathira manyowa a mbuzi. Anawaza phulusa poopa chiswe. Anakumba ngalande poganiza kuti madzi achuluka. Anafika mpaka poyang'ana anthu odutsa ndi diso lokayika, kuti mwina wina wachita kaduka. Anakayikira nthaka, mvula, tizilombo ndi anansi, koma mfundo yake sanaikayikire.

Tsiku lina amake Zione pochokera kudimba anaima pampanda. Anatula dengu, anawerama, nayang'ana kamtengoko nthawi yaitali.

"Alamu, kodi kamwanaka kanalakwa chiyani kuti mukanyonge chonchi?"

"Ndakapulumutsa," anayankha munthu uja. "Kaja ndinamasula, kali kuti lero? Munanena ndinu kuti ndimasule."

"Ndinati bala likapola. Kaja munafulumira, aka mwachedwa. Madzi ochokera kumizu akulephera kukwera, chakudya chochokera kumasamba chikulephera kutsika. N'chifukwa chake tsinde layamba kudzifunira ana ena. Dulani legenili."

"Ndi mphepo imeneyi? Kakathyoka, ndikatenganso kuti kena? Achemwali anu ndikawapezanso kuti?"

Amake Zione analeka nthabwala, chifukwa nawonso ankamusowa mkulu wawo. Mpeni anali nawo m'dengu, koma sanautulutse.

"Kuthyoka, mwina kathyoka, mwina ayi," anatero mofatsa. "Koma mukakasiya chonchi, kufa kokha n'kosakayikitsa. Inu munazolowera matumba, alamu. Thumba la mbatata silikula panjira. Mtengo ndi wanu, ine ndapita."

Anasenza dengu lawo n'kumapita.

Munthu uja anakwiya, ndipo masiku angapo sanawalonjere alamu ake. Koma mawu a akulu amakoma akagonera, ngakhale atachokera kwa wamng'ono. M'mawa wina ali chinjutire pafupi ndi kamtengo kaja, anamva nkhumba ikulira kukhola la oyandikana nawo, ndipo anakumbukira zala ziwiri zija. Iye yemwe, zaka zonse zija, sankamanga chamoyo monga ankamangira thumba. Anatambasula dzanja kuti alowetse chala pansi pa legeni. Chala chinakana. Anayesa chikhadabo. Nachonso chinakana, chifukwa mphira inali italowa m'khungwa, khungwa n'kuyamba kuikwirira.

Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni kuti chinthu chimene ankachikonda koposa anachichitira zimene sakanachitira ngakhale nkhumba ya malonda.

Kumwamba kunali mitambo, ndipo mphepo inali itayamba kale kugwedeza nthochi za kuseri kwa bafa. Mtima unamuuza kuti adikire tsiku labata. Koma ankawadziwa mapiri a kwawo: wodikira tsiku lopanda mphepo amadikira mpaka imvi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ananola mpeni pamwala, anagwada, analowetsa nsonga yake pamfundo ija imene sinamasukepo chiyambire, nadula.

Legeni linadumpha n'kugwera uko. Anasenda pulasitiki pang'onopang'ono. Pansi pake panali mkwasa wozama wozungulira kamtengo konse, wotuwa, wonyowa. Koma bala la kumezanitsa lija silinkaonekanso. Kanthambi ndi tsinde zinali zitasanduka mtengo umodzi kalekale, iye akulondera chilonda chimene chinapola.

Anazula chikhomo chija n'kuchikhoma chapatali pang'ono. Anatenga luzi, lija limawola lokha nyengo yake ikakwana, nakoleka kamtengo momasuka, mosiya malo oti kazivina. Kenako anaimirira, manja kumbuyo.

Mphepo inafika. Kamtengo kanawerama mpaka masamba kutsala pang'ono kukhudza dothi. Munthu uja anagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere kuti lisathamangire kukagwira. Kanadzuka. Mphepo inabweranso, kanaweramira mbali ina, kanadzukanso. Anaima pomwepo mpaka mvula inamunyowetsa, akuonerera kamtengo kakuphunzira kuima pakokha.

Mvula isanathe chaka chimenecho, masamba anabiriwira. Tsinde linaleka kutulutsa mphukira zachilendo zija. Mkwasa uja unadzaza pang'onopang'ono, ngakhale chipsera chake chinatsala ngati mphete, ndipo chilipo mpaka lero kwa wofuna kuona. Patapita zaka zingapo mtengo unabereka poza loyamba. Litafewa, munthu uja sanalidye yekha. Analinyema pakati, napita nalo kwa amake Zione. Mayiwo analawa, anatseka maso, ndipo misozi inatsika.

"Ndi womwewo, alamu," anatero. "Ndi wa achemwali."

Tsono inu makolo amene mwakhala pamkekapa, a kuchimuna ndi a kuchikazi, fanizoli ndaphera inu. Ana awiriwa mawa tikuwamezanitsa paukwati, wina wochokera uku, wina wochokera uko. Poyamba adzafuna chomangira, ndipo chomangiracho ndinu: malangizo anu, ufa wanu, kuwayendera kwanu. Musawataye msanga, bala likadali laliwisi. Koma ndikukudziwani, ambiri a inu vuto lanu si limenelo. Ena munaonapo banja la mwana wanu woyamba likuthyoka, ndipo mwalumbira kuti ili lokha simulisiya. Mudzafuna kudziwa zimene adya, kumene alima, dzina la mwana wawo, ndi amene wayamba mkangano. Mudzati n'chikondi, ndipo simudzakhala mukunama. Munthu ujanso ankaukonda mtengo wake.

Ana anu si matumba a mbatata. Akukula. Mukadzaona nkhope zawo zikufota inu mukuthirabe manyowa, musadzathamangire kuloza anansi chala. Chalacho mudzachilowetse pansi pa legeni lanu. Chikadzakana kulowa, musadzadikire tsiku lopanda mphepo. Mudzadule, muike manja kumbuyo, muwaone akuwerama n'kudzuka okha.