Thobwa la Nangondo

Ana inu, leroli musayembekeze kuseka ayi.

Pamudzi wina panali mayi wotchedwa Nangondo, katswiri wophika thobwa. Tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wake alendo anachuluka, thobwa n'kuyamba kuchepa. Manyazi ake! Kumjigo kunali mzere wautali, ndiye anathamangira kuchitsime cha kudambo, natunga ndowa ziwiri, n'kusungunulira thobwa lija mwakachetechete. Anthu anamwa, nayamikira.

Patapita masiku awiri, m'mudzimo munagwa kolera. Uyu kutsegula m'mimba, uyu kusanza, ena kunyamulidwa pangolo.

Kunabwera a Chimwaza, mlangizi wa zaumoyo. Ankalowa khomo ndi khomo kufunsa: wadwala ndani, wayamba liti, anadya chiyani, anamwa kuti? Anapeza kuti amene anangodya nyama ali bwinobwino, koma odwala onse analawa thobwa.

"Mayi, sindinabwere kudzazenga mlandu," anatero a Chimwaza atafika kwa Nangondo. "Madzi a thobwa munatunga kuti? Nanga latsalako?"

Nangondo anaopa. Akaulula, si anthu amutcha mfiti?

"Kumjigo, bambo. Ndipo linatha lonse."

Bodza lamkunkhuniza! Kuseri kwa chitseko kunali chigubu chodzaza. Ankati alitaya maso a anthu akachoka.

A Chimwaza anapita kukayeza madzi a mjigo wosalakwa. Nangondo anapita kumaliro a mnansi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Tiyanjane, wa zaka zisanu, anabwerako kosewera ali ndi ludzu, napeza chigubu chija, namwa thobwalo.

Mwanayo anadwala, koma kuchipatala kunali kutali. Tsiku lachiwiri Tiyanjane anatsirizikira kumsana kwa mayi ake, ali m'njira.

Atabwerako kumanda, Nangondo ananyamula chigubu mpaka kwa a Chimwaza.

"Ndi ili, bambo. Madzi anali a kudambo. Ndinakunamizani."

Chigubu chinamupulumuka n'kugwa, thobwa n'kumwazika pafumbi. Anagwada, nayamba kuliwola ndi manja uku akuitana dzina la mwana wake.

A Chimwaza anamudzutsa misozi ili m'maso. "Lekani, mayi. Madzi akatayika sawoleka."

Chitsime chija anachitseka, mliri unatha, koma Tiyanjane sanabwerere.

Mwambiwu unachokera pamenepo: madzi akatayika sawoleka. Pali zinthu zimene zikachitika sizibwereranso, ngakhale ulire chotani. Azaumoyo akakufunsani, nenani zoona madzi akadali m'ndowa. Manyazi amatha, koma manda satseguka.