Mchere woyera wa Nasimango

Ana inu, mchere wa m'mapaketiwu mumangouthira osauyang'ana n'komwe. Kale sizinali choncho. Kuchigwa cha Shire, kumene ndidakhalako mapazi asanandiyabwenso, adandiuza kuti anthu ankapala dothi la m'dambo, kuliika m'dengu ndi kulithira madzi. Madzi odonthawo ankawaphika mpaka kutsala mchere wotuwa ngati phulusa. Unkakanda kukhosi, ndipo dzinja likafika unkachita thukuta mumtsuko. Komabe unali mchere.

Kumeneko kudali mayi wina dzina lake Nasimango, amene adali ndi mwana mmodzi yekha, namwali wotchedwa Dziwenji. Mayiyu adaphika mchere moyo wake wonse, manja adang'ambika, ndipo adadana nayo ntchitoyo.

Chilimwe china padafika amalonda ochokera kunyanja yaikulu ya kum'mawa. Mkulu wawo adaona Dziwenji pachitsime, mawa lake adatula mtanga pakhomo pa Nasimango. Atauvundukula, anthu adati ha! Mchere woyera mbee, ngati ufa wosinja bwino.

"Amayi," adatero mlendoyo, "mwanayu ndamukonda. Koma ine sindingakhale pachikamwini. Mundipatse ndipite naye kwathu, mtangawu utsale."

Chimkwita, mlongo wake wa Nasimango, ndiye adali mwinimbumba. Adamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Achemwali, kwawo kwa munthuyu mwakuona? Ankhoswe ake ali kuti?"

"Achimwene, inu mchere mumangoumva m'ndiwo. Onani manja angawa. Mwana wanga nayenso akalambire pautsi?"

"Pisani dzanja mpaka pansi pa mtanga, tione."

"Ndichititse manyazi mkamwini pamaso pa anthu? Zimenezo ndi nsanje. Ana anu aja adakwatiwa ndi asodzi a milamba."

Chimkwita adangoti, "Ndamva," n'kuchoka. Dziwenji adapita ndi alendo aja akucheukacheuka.

Mvula itagwa, mchere wa anthu onse udanyowa monga mwa nthawi zonse. Nasimango ankangotapa pamwamba pa mtanga wake pang'onopang'ono, ndipo ankanyadira kumtondo: "Wanuwo ukulira misozi, wanga pansi pali gwa, kuuma!"

Tsiku lina adaitana anthu kuti amulimire. Adapha mbuzi, napisa chikho mozama mumtanga kuti ndiwo zikolere. Olima atakhala pansi, woyamba kutafuna adalavula.

"Mayi, mwatiphikira mtsinje?"

Mano a aliyense ankalira mchenga. Nasimango adathamangira m'nyumba nakhuthula mtanga pamphasa. Mchere udali wa pamwamba pokha. Kunsi konse kudali mchenga woyera wa m'mbali mwa nyanja. N'chifukwa chake sunkanyowa.

Sadalire. Adamanga nsalu m'chiuno nalondola njira ya amalonda aja, osadya, mpaka padooko pamene padali mkulu wina woolotsa anthu pabwato.

"Bambo, chilimwe chathachi simudaolotse mkamwini wanga, ali ndi mkazi wa mphini zitatu patsaya?"

Mkuluyo adayang'ana m'madzi.

"Wa mphiniyo ndidamuona. Koma sadaoloke ngati mkazi wa munthu, mayi. Adali pagoli la akapolo, pamodzi ndi ena. Ambiri mwa iwo adagulidwa ndi mitanga."

Nasimango adakhala pansi pa mkuyu umene udali padookopo. Mkulu uja, posowa chomupatsa, adamutolera nkhuyu yakupsa, yofiira psuu. Mayiyo adaibanthula pakati, ndipo nyerere zidatuluka n'kumwazika m'manja mwake. Adaziyang'ana nthawi yaitali.

"Chikomekome cha mkuyu," adatero, "m'kati muli nyerere."

Woolotsa uja ndiye adawanditsa mawuwa kwa onse okwera bwato lake, mpaka adafika kwa ife. Tanthauzo lake n'lakuti chokongola pamaso chimatha kubisa choipa, choncho munthu, malonda kapena ukwati, yambani mwapisa dzanja mpaka pansi musanavomere. Nasimango adabwerera kudambo, adaphika mchere wotuwa mpaka imfa yake. Za Dziwenji palibe adamvanso.