Kugogoda kwa M'chimbale

Panali munthu wina, dzina lake Gelesomu, amene ntchito yake inali kusamutsa mawu. Anali ndi kachipinda kuseri kwa chigayo. Mkatimo munali laputopu, makina ojambulira zimbale, ndi chingwe chopyapyala cholumikiza ziwirizi. Chingwecho sichinkanyamula magetsi koma kuwala, moti ukachizula, kunsonga kwake kunkayaka kadontho kofiira psuu. Makwaya ankabwera kudzaimba, iye n'kuwajambula mu laputopu, kenako n'kuwaikira nyimbo zawo pa chimbale. Ankadzitama kuti palibe waya amene angamuzunguze mutu. Anthu otere mumawadziwa, mwina ena mwakhala nawo benchi imodzi.

Tsiku lina kunabwera mayi wina, dzina lake Esinati, atanyamula foni yosweka galasi. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Ali chigonere m'chipatala anaimba nyimbo imodzi, n'kutchula ana awo mayina mmodzimmodzi, ndipo Esinati anawajambula pa foniyo. Loweruka likudzalo abale ankakavundukula chiliza, ndiye iye ankafuna kuti mawuwo akamveke kumandako.

“Foniyi yatopa, achimwene,” anatero Esinati. “Ndiikireni mayi anga pa chimbale.”

Gelesomu anakopera mawuwo mu laputopu. M'mawa mwake foni inazima, osayakanso. Esinati anabwereka ya mnzake n'kuimbira Gelesomu kumuuza kuti, “Mawu a mayi atsala kwa inu nokha basi.”

Lachinayi masana Gelesomu anakhala pansi kuti agwire ntchitoyo. Anayamba wamvetsera pa laputopu. Mawu a gogoyo anali opyapyala, ofooka, koma oyera. Anaika chimbale chatsopano m'makina, n'kujambula. Atatha anavala mahedifoni kuti amve zimene zalowa.

Nyimbo inali yomweyo, koma mawu sanali omwewo. Anali olemera, okoka, ngati a munthu amene akuimba chifuwa chitapsinjidwa. Ndipo pansi pa nyimboyo pankamveka kugogoda. Go. Kenako zii. Go. Kenako zii.

Gelesomu anaseka, nati n'chigayo chimenecho. Anatuluka kukasuzumira, n'kupeza chigayo chili chotseka, loko ali lende, mwini wake atapita kumaliro. Pabwalo panalibe ngakhale nkhuku.

Anabwerera mkati. Anazula chingwe, anauzira fumbi m'mabowo onse awiri, anachilowetsanso mpaka chinalira kuti thapu. Anajambula chimbale chachiwiri. Kugogoda kunalipo. Anatenga chingwe china chimene anali asanachigwiritsepo ntchito, anazimitsa makina onse n'kuwayatsanso. Chimbale chachitatu chinatuluka chimodzimodzi. Pamene gogoyo ankatchula dzina la Esinati, dzinalo linkatuluka pang'onopang'ono, ngati akuitana ali kuseri kwa khoma, ndipo pambuyo pake pankamveka go.

Pofuna kutsimikiza, anajambula nyimbo ya kwaya ina imene anali nayo kalekale. Inatuluka yoyera, yopanda banga. Anabwereza ya gogoyo, kugogoda kunabwerera.

Apa ndiye mantha anamugwira, ndipo sindimunena, inenso ndikanaopa. Anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo, koma anapitiriza kuwamva akugogoda motsitsa pa thabwapo.

Anapita kwa telala amene ankasoka pakhonde loyandikana naye, bambo wachikulire, anamuitanira mkati, anamuuza kuti mawuwo ndi a mayi womwalira, n'kumuveka mahedifoniwo. Telala anamvetsera pang'ono, anawavula msanga, n'kupukuta manja pa thalauza.

“Iwe, wakufa sakakamizidwa,” anatero. “Mayiwa akukana kusamuka. Ukawaumiriza, kugogodako ukakumvera pa chitseko cha kwanu.”

Telalayo makina amene ankawadziwa anali opalasa ndi phazi. Koma munthu wamantha sasankha womufunsa. Gelesomu akanatha kuimbira mnzake wa ntchito yomweyo, koma akanayamba bwanji, munthu amene waya samuzunguza mutu? Akanatha kudikira kuti kuche. Sanadikire. Anathyola zimbale zonse za gogoyo n'kuziponya m'chimbudzi. Anafufuta mawu a gogoyo. Poona kuti mtima sukutsikabe, anasunga pambali nyimbo za makwaya, n'kupukuta laputopu yonse psiti, kuti wakufayo asapeze pobisala.

Lachisanu m'mawa kunabwera mlaliki wina, wamoyo, wonenepa bwino, akutafuna chimanga chootcha. Anali ndi ulaliki umene mkazi wake anamujambula pa foni, ndipo ankaufuna pa chimbale. Gelesomu anakopera, anajambula, anavala mahedifoni.

Mawu a mlaliki anatuluka olemera, okoka. Go. Zii. Go.

Gelesomu anacheuka. Mwini mawuwo anali chilili pakhomo, akuchotsa gaga m'mano.

Pamenepo m'pamene anayang'ana pamene sanayang'ane dzulo lake. Makina otere satumiza mawu athunthu, amawaduladula tizidutswa tambirimbiri n'kumatitumiza motsatira kawerengedwe ka nthawi. Wotumiza ndi wolandira ayenera kuwerenga mofanana. Nyimbo za makwaya ankazijambula yekha pa mulingo umene makina a zimbale ankaudziwa, wa tizidutswa zikwi 44 pa sekondi. Koma zochokera pa foni zinkabwera pa zikwi 48. Laputopu inkathamanga, makina a zimbale ankayenda, ndiye mawu ankafika olemera, ndipo paliponse pamene ziwirizi zaphonyana phazi pankamveka go. Anasintha nambala imodzi yokha. Ulaliki unatuluka woyera ngati madzi a pa mjigo.

Mlaliki anatenga chimbale chake n'kumapita akuimba mluzu. Gelesomu anatsala atagwira tsaya. Anafufuza mu laputopu monse, ngakhale ankadziwa. Anapita mpaka kuchimbudzi kuja n'kusuzumira, ngati kuti dzenje limabweza.

Dzuwa litapendeka Esinati anafika, atavala kale chitenje chimene banja linasankha kuti likavale kumanda. Nkhope yake inali yowala.

“Achimwene, mayi anga akonzeka? Mlongo wanga wafika dzulo kuchokera ku Joni. Paja iyeyu maliro sanawaone, ndiye sanamvepo mayi akumutchula dzina.”

Gelesomu anafotokoza zonse, maso ali pansi. Esinati sanakuwe, sanatukwane. Anayang'ana laputopuyo.

“Ndiye kuti sankakana?” anafunsa.

“Ayi, mayi. Sankakana.”

“Ankangoitana ana awo.”

Anatuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Tsono inu amene mwakhala pano, tamverani. Alipo munthu amene mawu ake akumakufikani olemera masiku ano. Mwina ndi mkazi wanu, mwina mwana, mwina mbale amene munayamwa naye bere limodzi. Mukumvamo kugogoda, ndipo wina wapakhonde wakuuzani kale kuti mwa munthuyo muli choipa. Musanamufufute, yambani mwaona ngati inu ndi iye mukuwerenga mofanana. Kawirikawiri cholakwika sichili mwa wolankhula, chili pakati panu, ndipo n'chaching'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani wodziwa, gonani kuche, yang'ananinso. Kufufuta kumangofuna chala chimodzi, koma tsiku limene mudzazindikire kuti munthuyo ankangokuitanani dzina, simudzapeza pomumvera.